Ndabwerako ku matenite, ndapeza pakauntala pali wina

MakeTamanda:
Anzanga a pagulu pano, ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima. Ndagwira ntchito zaka zinayi pa shopu ina yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala opopera pa Dedza boma pano. Ndinali wa pakauntala, madzulo n'kumalembanso m'buku katundu wotsala. Mu Meyi ndinachira mwana wamkazi. Ndisanapite ndinakhala pansi ndi abwana, iwo anati pitani mukapume miyezi iwiri, mukabwerako mudzapitiriza. Miyezi iwiriyo sanandipatse ngakhale tambala, koma sindinadandaule, ndimati bola ntchito ilipo.

Lolemba lapitali ndinalawira ndi chisanu chija, kuyamwitsa mwana, kumusiyira apongozi, 7 koloko isanakwane ndili pa shopu. Ndinapeza pampando panga pali mtsikana wina, wavala juzi ya pantchito yomwe ndinkavala ine, cholembera chomwe ndinachimangirira ulusi kukauntala chili m'manja mwake. Abwana sanandilowetse n'komwe muofesi. Tinayankhulira panja, pafupi ndi matumba. Akuti mayi wa khanda sangakwanitse, nyengo ya feteleza ikafika timatseka usiku, mudzabwere mwana akadzasiya kuyamwa tidzaone. Kalata ya ntchito ndilibe, anangondilemba pakamwa. Kodi kuli komwe ndingakadandaule, kapena ndingozisiya m'manja mwa Mulungu?

Nangozo_Bembeke:
Iii pepani achemwali. Munthu wa zaka zinayi n'kumuyankhira panja ngati wabwera kudzapempha ganyu? Mtima wanga wawawa.

Kabaza_Linthipe:
Kalata mulibe, ndiye mlanduwo muuyambira pati amayi? Ingofunani kwina. Anthu a ndalama simungalimbane nawo, mungotha nsapato.

MlembiWakale:
A Kabaza, musamugwetse mphwayi munthu pa zomwe simunafufuze. Ine ndisanapume ndasunga mafayilo a antchito zaka zambiri, ndiye make Tamanda mvetserani.

Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati mayi wapantchito ali ndi ufulu wopita kutchuthi cha uchembere kwa masabata osachepera 8, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo malipiro ake azilandira onse. Ndiye miyezi iwiri yomwe munakhala osalandira ija ndi ngongole, abwana anu akuyenera kukubwezerani. Lamulo lomwelo likuti mayi akabwerako abwerere pantchito yake, ndipo kuchotsa munthu chifukwa cha pathupi ndi mlandu. Chinanso chomwe ambiri sadziwa n'choti nkhani ikafika kubwalo, woyenera kupereka chifukwa chomveka chochotsera munthu ndi bwana, osati wantchito.

Kusowa kalata sikupha nkhani. Mgwirizano wa pakamwa nawonso ndi mgwirizano. Chofunika ndi umboni woti munkagwiradi ntchito pamenepo. Ngati ankakulipirani pa Mpamba kapena Airtel Money, musafufute uthenga ngakhale umodzi. M'mabuku a katundu aja muli zolemba za dzanja lanu. Alimi omwe munkawagulitsa feteleza akukudziwani.

Pitani kuofesi ya leba pa boma pomwepo, ndipo musachedwe, chifukwa lamulo limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mwachotsedwa. A leba amaitana mbali zonse ziwiri n'kuyesa kuyanjanitsa. Zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court, bwalo la milandu ya zantchito, kwa ife kuno yapafupi ili ku Lilongwe. Kuleba sikufuna loya.

MakeTamanda:
Zikomo kwambiri a Mlembi. Ankalipiradi pafoni, mauthenga ndili nawo kuyambira chaka chatha, akale anapita ndi foni yomwe inabedwa. Koma mantha anga ndi awa: Dedza ndi yaing'ono. Eni mashopu onse amadziwana, amakumana kutchalitchi ndi kumaliro. Ndikawatengera kuleba, adzandilembanso ndani?

Namaseko_Geni:
Ndiyankhule ngati wolemba anthu ntchito, ngakhale mundigende. Ndili ndi malo odyera pa Ntcheu boma, antchito anayi. Chaka chatha wophika wanga anapita kukachira. Ndinamulipira miyezi iwiri ali kunyumba, n'kulipiranso wina wogwirizira. Lendi ya miyezi imeneyo ndinachita kukakongola ku banki m'khonde. Kuno kwathu ndalama yonse ya matenite imachoka m'thumba la bwana, palibe thumba lina lomwe limathandizako, kaya uli ndi antchito 4 kaya 400. Ndisaname, wina atasiya ntchito mu Januwale ndinalemba mnyamata, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa mumtima mwangamu. Sindikuikira kumbuyo abwana a make Tamanda ayi, zomwe achitazo n'zolakwika. Ndikungoti vutoli lili ndi mizu.

Nangozo_Bembeke:
Ndiye inu mayi mnzathu mwayambanso kusankha amuna? Ana anuwo munabereka muli kuti?

Namaseko_Geni:
Ndinabereka ndili pa geni yangayi, sabata yachitatu ndinali kale pambaula. Sindikunyadira. Ndanena kuti tikambirane zoona zokhazokha.

MlembiWakale:
A Namaseko akhudza pomwe pali chilonda. Ku South Africa, komwe kuli ana athu ambiri, wantchito ndi bwana amasonkha kandalama mwezi ndi mwezi ku thumba la inshulansi ya antchito lotchedwa UIF, ndipo mayi akapita ku matenite amakatapa kumeneko. Katunduyo sagwera munthu mmodzi. Kunonso pa penshoni timasonkha motero, bwana 10 peresenti, wantchito 5. Ine ndikanakonda uchembere ukanayendanso choncho. Koma poti sizinafike, lamulo lomwe lilipo ndi lomwe lija, ndipo kulemba mnyamata pothawa pathupi ndi tsankho lomwe lamulolo limaletsanso.

Madamu_Std2:
Ife a m'boma anthu amationa ngati tili pabwino chifukwa timapatsidwa masiku 90. N'zoona, ndipo ndimathokoza. Koma mudzabwere mudzaone tsiku lobwerera.

Ndinaphunzira uphunzitsi pa St Joseph's ku Bembeke, kenako ananditumiza sukulu ina ya kumudzi, kutali ndi tala, pomwe amuna anga ali ku Lilongwe. Nyumba za aphunzitsi zilipo zitatu, zonse muli abambo omwe anafika kale. Ndikuchita lendi kanyumba ka mtunda wa mphindi 40 wapansi. M'kalasi langa muli ana oposa 100. Nthawi ya buleki mtsikana wolera amabwera ndi mwana, ndimakayamwitsira kuseri kwa kalasi pansi pa mtengo wa paini, manja ali mbuu ndi choko, ana akusuzumira pawindo. Zimenezo ndazolowera. Chimandipweteka ndi ichi: kukakhala maphunziro a masiku atatu ku boma, a alawansi, amangoti madamu ali ndi khanda asavutike, apite aphunzitsi aamuna. Sandifunsa n'komwe. Amaoneka ngati akundichitira chifundo. Kenako ikafika nthawi yosankha woti atsogolere gawo, amati uyu sanapiteko ku maphunziro alionse.

Bambo_Mlangeni:
Ndifunse mwaulemu, musandikalipire. Mwana wa miyezi iwiri kumusiya 6 koloko m'mawa, chisanu cha Julaye chino, n'kudzamuonanso usiku, n'zabwino? A zaumoyo amati mwana ayamwe bere lokha miyezi 6. Mwina abwanawo anaganizira mwanayo. Kale amayi athu ankakhala pakhomo, ana n'kumakula bwino.

Gogo_Nachisale:
Mwananga wa ku Mlangeni, amayi anu ankakhala pakhomo pati? Ine ndabereka ana 7. Ndinkangotuluka m'chikuta, pakapita masiku ochepa khasu lili paphewa, mwana kumbuyo. Kuno kwathu kwa chikamwini munda ndi wa mkazi, ndipo ankaulima ndi iyeyo. Kupalira, kubandira, kukumba kachewere, nkhuni kuphiri, madzi kudambo, madzulo pamtondo. Mkazi sanayambe lero kugwira ntchito. Chasintha n'choti kumunda mwana tinkamugoneka pamthunzi, akalira n'kusiya khasu, kumuyamwitsa, n'kubwereranso pamzere. Panalibe wotiuza kuti mudzabwere mwana akadzakula. Abwanawo akanakhala oganizira mwana, bwenzi atapereka ndalama za miyezi iwiri zija kuti mayiyo agulire sopo ndi matewera.

MlembiWakale:
Ndionjezere pa funso la bambo a ku Mlangeni, chifukwa silopusa. Mu 2021 lamulo lija linakonzedwanso, ndipo tsopano mayi woyamwitsa akuyenera kupatsidwa mpata woyamwitsa mwana nthawi ya ntchito, theka la ola kawiri patsiku, kwa miyezi yosachepera 6 chibadwire mwanayo. Ndiye yankho la bere si kuchotsa mayi ntchito. Make Tamanda amakhala pa boma pomwepo, apongozi akanatha kumabwera naye mwana.

Bambo_Mlangeni:
Chabwino agogo, ndamva. Za 2021 zo sindimazidziwa.

Tomato_wa_paLizulu:
Inu mukukamba za masabata 8, ife a pamsika tchuthi chathu ndi masiku omwe tagona m'chipatala basi. Ndinabwerera pamsewu mwana ali ndi masabata awiri, chifukwa tomato sadikira munthu, ukagona waola ndipo mpamba wapita. Basi ya ku Blantyre ikaima timathamanga ndi beseni pamutu, mwana akugwedezeka kumbuyo, anyamata n'kutipitirira kukafika pawindo ife tisanafike. Chiphaso cha msika timadula tsiku ndi tsiku, wagulitsa kaya sunagulitse. Ukafika kunyumba madzulo miyendo itatupa, moto sunakolezedwe, bambo ali pakhonde kufunsa kuti wapeza zingati. Ife bwana wotichotsa ntchito tilibe, komanso tilibe komwe tingakadandaule.

Kabaza_Linthipe:
Amayi a pa Lizulu, kachewere ndowa ili pa zingati sabata ino? Ndikufuna kuodera akunyumba ayambe tchipisi.

Tomato_wa_paLizulu:
Mitengo imasintha ndi magalimoto a ku Blantyre achimwene. Mulawire m'mawa asanafike. Wa ku Tsangano wayamba kutsika, ndi wamkuluwamkulu.

Nangozo_Bembeke:
Wa tchipisi mudzatenge kwathu ku Bembeke, Linthipe ndi Lizulu n'kutali, transipoti idya phindu lonse.

Admin_Gulu:
Za kachewere ku inibokosi chonde. Mnzathu wabwera ndi nkhani ya misozi.

WofunaNtchito22:
Ine pa matenite sindinafikepo n'komwe, ndinagwera pakhomo polowera. Nditalemba Fomu 4 ndinasiya makalata pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa M1. Anandiimbira kuti ndipite ku intaviyu 6 koloko madzulo. Ndinapita ndi mkulu wanga, bambo wochititsa intaviyuyo anamuuza kuti adikire pageti. Bamboyo satifiketi yanga sanaitulutse n'komwe mu envelopu. Anafunsa ngati ndili pabanja, ngati ndili ndi chibwenzi, ngati ndingamagwire usiku. Kenako anadzuka n'kukhoma chitseko, akuti kukulowa mphepo. Ndinakuwa dzina la mkulu wanga kawiri. Anatsegula, n'kundiponyera envelopu ija pansi. Kunyumba sitinanene, tinaopa kuti afunsa kuti unavala chiyani. Papita zaka ziwiri. Lero ndi koyamba kuzilemba.

Gogo_Nachisale:
Mdzukulu wanga, sunalakwe kanthu. Unachita bwino kukuwa. Ndipo mkulu wakoyo umusunge.

Paralegal_Ntcheu:
Asisi, zikomo polimba mtima. Zimene anakuchitanizo ndi mlandu pansi pa Gender Equality Act ya 2013, lamulo loona za kusasiyanitsa amuna ndi akazi, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kundende zaka 5. Si nkhani ya okhawo omwe analembedwa kale ntchito ayi. Mukhoza kupita kupolisi ku Victim Support Unit, kapena kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission, omwe anapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Sindikukukakamizani, mwini mtima ndi inu. Koma munthu ameneyo ngati akadali pampando womwewo, envelopu zina zikupitabe patebulo lomwe lija.

Kwa ena nonse: intaviyu ya madzulo, ya kuchipinda, ya "ubwere wekha", musapite nokha, ndipo uthenga wokuitananiwo musunge.

Kabaza_Linthipe:
Zoterezi ndimazimva ndikanyamula atsikana ochokera kofuna ntchito. Ena amalira njira yonse osanena kanthu. Ndinayankha mopupuluma poyamba paja, make Tamanda mundikhululukire.

Naphiri_waWodi:
Ine ndine kiliniko ofesa. Ndikalowa m'chipinda ndi mnyamata wophunzira unamwino, wodwala amayang'ana iye n'kuti adokotala, ine n'kundiuza kuti anesi tandipatseniko madzi. Unamwino ndi ntchito yaulemu, sindikuunyoza, koma mankhwala ndikalemba ine ena amapita kukafunsanso kwa mwamuna ngati ndalemba bwino. Zimenezo ndimapirira. Zondivuta zili kunyumba. Ndikakhala pa kolo foni imalira 1 koloko usiku kuti mayi wina akutaya magazi, ambulansi n'kudzanditenga. Alamu anga anakhalitsa pansi amuna anga kuti mkazi wotuluka usiku ndi dalaivala si mkazi. Nkhani inafika mpaka kwa ankhoswe. Ndinachita kubweretsa ndandanda wa ntchito wa mwezi wonse kuti ankhoswe aone okha. Mlongo wawo yemweyo atadwala usiku anaimbira ine.

WaPakhomo:
Ndawerenga zonse, ndiye mundilole nanenso. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Mabwana anga onse akhala amayi apantchito ngati inu nomwe. Kuti inu mufike kuofesi 7:30, ine ndimadzuka 4 koloko kuteleka madzi osamba. Lamulungu lokha ndi lomwe ndimapuma, nalonso masana okha. Komwe ndinali poyamba, madamu atazindikira kuti ndili ndi pathupi anandipatsa ya minibasi tsiku lomwelo, zovala mujumbo. Iwowo anali atangobwerako ku matenite ya miyezi itatu, mwana wawo ndinkalera ine. Kodi masabata 8 mukunenawo ndi athunso, kapena ndi a ovala mayunifomu okha?

Paralegal_Ntcheu:
Ndi anunso asisi. Wantchito wa m'nyumba ndi wantchito pamaso pa lamulo, ndipo boma limaika malipiro ochepetsetsa a ntchito imeneyi. Ofesi ya leba ndi yomweyo.

Madamu_Std2:
A WaPakhomo mwandilasa. Mtsikana amandibweretsera mwana kusukulu uja ali ndi zaka 16, anasiyira Sitandade 7. Ndinamutenga kumudzi kwa amuna anga chifukwa wamkulu sindikanakwanitsa kumulipira. Ine ndili m'kalasi kuphunzitsa ana a eni, iye wakhala pansi pa paini ndi mwana wanga kumbuyo, akumvetsera anzake akuimba matebulo. Ndimaona, koma ndimayang'ana kumbali. Usiku uno sindigona.

Nangozo_Bembeke:
Madamu, mubwezereni kusukulu. Inkosi Kachindamoto anagwira ntchito ya ulembi zaka 27 pa koleji ina ku Zomba asanaitanidwe kudzakhala mfumu kuno ku Dedza, ndipo dziko lonse linawadziwa chifukwa chothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera m'kalasi. Mwana wochotsedwa kusukulu kuti akalere khanda la wina sasiyana kwenikweni ndi uja wokwatiwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Madamu_Std2:
Ndikudziwa achemwali. Koma ndiuzeni, wanga ndimusiyira ndani? Kuno sukulu ya mkombaphala imalandira ana oyenda kale, imaweruka dzuwa lisanafike pamutu. Sindikukana. Ndikufunsa chifukwa yankho ndilibe.

Gogo_Nachisale:
Funani mayi wachikulire wa m'mudzi momwemo, woti ana ake anakula. Muzimupatsa zomwe mumapatsa mtsikanayo, muonjezereko ndowa ya chimanga. Temu ikubwerayi mtsikanayo muzipita naye limodzi kusukulu, inu kwanu iye kwake.

Bambo_wa_Mapasa:
Abambo anzanga takhala chete kwambiri pankhaniyi. Lamulo la 2021 lomwe a Mlembi atchula lija linatipatsanso ife masabata awiri mkazi akachira, malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Akazi anga atachira mapasa kudzera opaleshoni ndinakapempha. Muofesi monse anaseka, wina mpaka anafunsa ngati ndikukayamwitsa ndine. Ndinapitabe. Masabata awiri amenewo ndinachapa matewera, kutunga madzi, kuphika phala, chifukwa mayiyo samatha n'kuwerama komwe. Ndi pomwe ndinaona kukula kwa ntchito yomwe timangoti "ali pakhomo". Tikanamapita tonse, mabwana sakanamaona mkazi yekha ngati ndiye wodzasowa pantchito.

Namaseko_Geni:
Ndiye kuti mnyamata ndinalemba uja nayenso adzapita masabata awiri. Zandiphunzitsa kanthu. Make Tamanda, za mantha anu aja: si eni mabizinesi onse omwe angakukaneni. Ine munthu wosunga buku la katundu zaka zinayi popanda kusowetsa thumba ndingamulembe lero. Ntcheu yatalika kwa mayi wa khanda, koma ndili ndi anzanga pa Dedza, ndiwafunsa.

MakeTamanda:
Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Dzulo usiku ndinawawerengera bambo a Tamanda zonse mwalembazi. Poyamba amati tisadzitengere adani, koma atamva za miyezi itatu ija anati tipite nthawi isanathe. M'mawa uno anabereka mwana iwowo mpaka pa ofesi ya leba, anthu akuwayang'ana mumsewu. Tinapeza anthu asanu pabenchi, atatu ndi amayi, mmodzi anali mlonda wamkazi yemwe sanalipidwe miyezi inayi. Bambo wa muofesimo anaona mauthenga a pafoni, anawalemba m'buku mwezi ndi mwezi, anafunsa tsiku lomwe ndinachira, ndinaonetsa buku la kusikelo. Andipatsa kalata yoitanira abwana kuti tikakumane Lachinayi sabata yamawa, 9 koloko. Ndinakaisiya ndekha ku shopu. Mtsikana uja ndi amene anailandira, manja akunjenjemera, anandinong'oneza kuti asisi ine sindimadziwa, anandiuza kuti munasiya nokha. Ndinamuuza kuti ndilibe naye mlandu.

A Mlembi, Lachinayilo nditenge chiyani china kupatula foni ndi buku la kusikelo? Ndipo mwana ndingalowe naye?

MlembiWakale:
Lowani naye, palibe angakuletseni. Mauthengawo muwajambule, mukasindikize papepala makope awiri, foni imatha moto pa nthawi yolakwika. Lembani papepala lina tsiku lomwe munayamba ntchito, malipiro anu a pamwezi, tsiku lomwe munapita kutchuthi, ndi mawu enieni omwe anakuuzani panja paja. Muganizirenso pasadakhale chomwe mukufuna, kubwerera pantchito kapena ndalama zanu ndi chipukutamisozi, chifukwa akakufunsani. Akakupatsani pepala loti musayine, muliwerenge lonse kaye, ngakhale akhale akukufulumizitsani.

WaPakhomo:
Make Tamanda, Lachinayi madamu andilola kupita kusikelo m'mawa. Ndikatuluka ndidzakupezani pabenchipo, ndikufuna ndidzaone mmene zimayendera.